James Aggrey: Mphunzitsi Amene Sanaleke Kuphunzira

Amayi anzanga a Chigwirizano, ambiri a inu amene mukuwerenga tsamba lino muli ndi maudindo oposa umodzi. Wina ndi mlembi wa Chigwirizano pa mpingo, yemweyonso ali m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ya pamudzi. Wina amasunga thumba logulira ana amasiye mayunifolomu ndi makope, yemweyonso ndiye amayang'anira sukulu ya ana ang'onoang'ono imene imakumana m'tchalitchi mkati mwa sabata. Kumunda kukudikira, pakhomo pakudikira, odwala ndi maliro nazonso zikudikira. Anthu amabwera kwa inu kudzatunga nzeru ndi mphamvu monga amachitira pachitsime. Koma kodi chitsimecho amachifukula ndani, ndipo amachifukula liti?

Lero ndikufuna tione moyo wa munthu wina amene anthu ambiri anatungako. Dzina lake ndi James Emman Kwegyir Aggrey, mphunzitsi ndi mbusa wa ku dziko limene lero timati Ghana. Anamwalira mu 1927, koma ntchito imene anagwirako inafika mpaka kuno kwathu, ndipo inakhudza masukulu a m'midzi amene agogo athu a ku Petauke ndi ku Nyimba anaphunziramo. Moyo wake uli ndi zotilimbikitsa, ulinso ndi chotichenjeza.

Mwana wa ku Anomabu

A Aggrey anabadwa pa 18 Okutobala 1875 ku Anomabu, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, m'dziko limene nthawi imeneyo Angerezi ankalitcha Gold Coast. Anali a mtundu wa Afante. Bambo awo, a Kodwo Kwegyir, anali wolankhulira mfumu pabwalo. Kumeneko mfumu sinkalankhula yokha kwa anthu. Mawu ake ankadzera mwa nduna yodziwa miyambi, mbiri ya mabanja ndi kasalazidwe ka mawu olimba kuti asapweteke. Mnyamatayo anakula akumvetsera ntchito imeneyi, ndipo atakula anthu ankadabwa ndi mmene ankalankhulira pagulu.

Mu 1883 anabatizidwa mu mpingo wa Methodist ndi kuyamba sukulu ku Cape Coast. Kenaka anakakhala pakhomo pa m'mishonale wina, Mbusa Dennis Kemp, amene ankalera anyamata angapo ndi kuwaphunzitsa mabuku pamodzi ndi ntchito zamanja. Asanakwanitse zaka 17 anamutuma ku mudzi wa Abura Dunkwa kukakhala mphunzitsi yekhayekha wa sukulu yonse. Inu amene munaonapo mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi makalasi angapo m'chipinda chimodzi mukudziwa kulemera kwake. Iye anapirira. Pambuyo pake anabwerera ku Cape Coast kukaphunzitsa pa sukulu imene anaphunzirapo, ndipo asanakwanitse zaka 23 anali atakhala mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo.

Mphunzitsi wamkulu abwerera pa benchi

Munthu wina akanakhutira pamenepo. Anali ndi udindo, ulemu ndi malipiro, ndipo makolo ankamupatsa moni waulemu pamsewu. Koma mu 1898 Bishopu John Bryan Small wa mpingo wa AME Zion, mpingo wa anthu akuda a ku America, anali kufunafuna anyamata oti akaphunzire kutsidya kwa nyanja. A Aggrey anavomera. Anatula pansi udindo wawo nakwera sitima yapamadzi, nakakhalanso mwana wa sukulu pa koleji ya Livingstone, m'tauni ya Salisbury ku North Carolina. Musasokoneze mayinawa ndi a kwathu kuno. Salisbury ameneyu ndi wa ku America, wosiyana ndi uja amene lero ndi Harare, ndipo kolejiyo anangoitcha dzina la Dr. David Livingstone monga anachitira ndi tauni yathu ya ku Mosi-oa-Tunya.

Anamaliza digiri yawo yoyamba mu 1902, ndipo koleji inawalemba ntchito yophunzitsa. Mu 1905 anakwatira Mayi Rose Douglass a ku Virginia, amenenso anali mphunzitsi. Mulungu anawapatsa ana anayi. A Aggrey anaphunzitsa pa koleji imeneyi zaka pafupifupi 20.

Mu 1914 anapatsidwanso mipingo iwiri ya kumudzi, Miller's Chapel ndi Sandy Ridge. Akhristu a kumeneko anali alimi akuda osauka, ana ndi adzukulu a akapolo, ambiri olima m'minda ya eni ndi omangika ndi ngongole. Pano mphunzitsi wa pa koleji anaphunzira zimene mabuku sanamuuze. Anaona kuti ulaliki wa Lamulungu sukwanira ngati Lolemba munthu akadzuka ndi njala ndi ngongole. Anayamba kuwalimbikitsa kuweta nkhuku, kulima ndiwo, kusonkha ndalama pamodzi ndi kubwerekana, ndiponso kugula malo awoawo. Inu amene muli m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama mukuona kuti nzeru imeneyi ndi yakale.

Mu 1917 mpando wa mkulu wa koleji unatseguka. A Aggrey anali atatumikira nthawi yaitali ndipo ankayembekeza kuti awaganizira, koma anasankha munthu wina. Zinawapweteka. Ena a ife zotere zikatichitikira timaleka kubwera ku misonkhano, kapena timakhala kumbuyo ndi kumang'ung'udza. Iwo anapitiriza kuphunzitsa, ndipo nthawi ya tchuthi ankapita ku New York kukakhala m'kalasi pa yunivesite ya Columbia. Taganizani, bambo wa zaka zoposa 40, mbusa ndi mphunzitsi wodziwika, atakhala pa benchi limodzi ndi achinyamata, cholembera m'manja. Kudzichepetsa kumeneku ndiko kunawatsegulira khomo la ntchito yaikulu ya moyo wawo.

Matumba a amayi awiri

Kuti timvetse ntchito imeneyo, tiyenera kudziwa za amayi awiri a ku America amene sanapondepo m'midzi yathu. Woyamba ndi Mayi Anna Jeanes a ku Philadelphia, a mpingo wa Quaker. Mu 1907, chaka chomwe anamwalira, anapereka madola 1,000,000 kuti athandize masukulu ang'onoang'ono a kumidzi a ana a anthu akuda. Oyang'anira thumbalo anaona kuti ndalamazo zingathe msanga ngati azingomangira nyumba. Choncho anaganiza zolipira aphunzitsi aluso kuti aziyendera anzawo m'masukulu akutali. Woyamba kugwira ntchitoyi, mu 1908, anali Mayi Virginia Randolph, mwana wa makolo amene anali akapolo. Iwo ankayendera masukulu oposa 20, kukhala pansi ndi mphunzitsi wotopa, kumuonetsa kaphunzitsidwe kena, kusonkhanitsa makolo kuti akonze sukulu, kenaka kupita kwina. Aphunzitsi otere anayamba kutchedwa aphunzitsi a Jeanes.

Wachiwiri ndi Mayi Caroline Phelps Stokes a ku New York, amene anamwalira mu 1909. Iwo anasiya chuma chawo kuti chithandize maphunziro a anthu akuda ku America ndi ku Africa, ndipo mu 1911 panakhazikitsidwa bungwe la Phelps-Stokes. Silinali la boma, silinalinso lofuna phindu. Mu 1920 bungweli linatuma gulu la akatswiri kuti liyende mu Africa kukaona mmene masukulu akuyendera. Mtsogoleri wa gululo, Dr. Thomas Jesse Jones, anali atawadziwa kale a Aggrey ndipo anawapempha kuti apite nawo. M'gulu lonselo munthu wakuda wobadwira mu Africa anali iwo okha.

Maulendo awiri a mu Africa

Ulendo woyamba, wa 1920 mpaka 1921, unadzera ku Sierra Leone, Liberia, Gold Coast, Nigeria, Congo, Angola ndi South Africa. Atafika kwawo patapita zaka 22, anthu anawalandira ndi chimwemwe chachikulu. Kwina zinthu zinali zowawa. M'sitima ndi m'nyumba za alendo nthawi zina ankawapatula kwa anzawo chifukwa cha khungu lawo. Iwo sankabwezera chipongwe. Ankayankha ndi nthabwala, ndipo ena ankawadzudzula kuti akufatsa mopitirira. Ku South Africa ulendo wawo unathandiza kuti mu 1921 ku Johannesburg kuyambe bwalo lokumanirana azungu ndi anthu akuda kukambirana mavuto awo. Mmodzi wa anthu amene anawamva akulankhula ku Johannesburg anali mnyamata wa ku Kasungu wogwira ntchito ku migodi, Hastings Kamuzu Banda, amene mu 1925 anapita kukaphunzira ku America.

Atabwerako anabwereranso m'kalasi ku Columbia. Mu 1922 analandira digiri yachiwiri ya pa yunivesiteyo, ndipo mu 1923 anakhoza mayeso a digiri yapamwamba koposa. Chinatsala ndi kulemba buku la kafukufuku wawo. Asanayambe, bungwe lija linawaitananso.

Ulendo wachiwiri, wa 1924, unali wa mbali yathu ino: Ethiopia, Kenya, Uganda, Tanganyika, Zanzibar, Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Kulikonse kumene a Aggrey ankaima, anthu ankadzaza. Ambiri anali asanaonepo munthu wakuda wophunzira chotero, woyenda ndi azungu ngati mnzawo. Ankakonda kusimba za mwana wa chiwombankhanga amene analeredwa m'khola la nkhuku mpaka kuiwala kuti ali ndi mapiko ouluka nawo kutali, kufikira tsiku limene munthu wina anamutengera paphiri dzuwa likutuluka. Omvera ankadziwa okha kuti akunena za iwo.

Zimene zinafika kwathu

Chaka cha 1924 chinali chosintha zinthu m'dziko lathu. Pa 1 Epulo ulamuliro wa Northern Rhodesia unachoka m'manja mwa kampani ya British South Africa ndi kupita ku boma la Britain. Kufikira nthawi imeneyo, pafupifupi masukulu onse a ana a anthu akuda anali a mamishoni. Kuno kum'mawa amishonale a Dutch Reformed anayamba ku Magwero mu 1899, nafika ku Madzimoyo mu 1903, ku Nyanje mu 1905, ku Nsadzu mu 1908 ndi ku Hofmeyr mu 1914, ndipo pambuyo pake ku Merwe. Kuchokera pa malo amenewa panafalikira masukulu ambirimbiri a m'midzi. Sukulu inali nyumba ya mitengo ndi udzu, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye anali mlaliki. Ambiri mwa aphunzitsiwa anali ataphunzira zaka zochepa chabe. Akatumizidwa kumudzi wakutali ankakhala okha miyezi yambiri, opanda wowafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji.

Mu Juni 1924 gulu la Phelps-Stokes linakumana ndi amishonale a mipingo yosiyanasiyana pa msonkhano wawo ku Kafue. Malangizo a gululo anali akuti boma liyambe kuthandiza masukulu a mishoni ndi ndalama, liike munthu woyang'anira maphunziro, lisamale maphunziro a atsikana, ndipo koposa zonse liphunzitse aphunzitsi ndi owayendera. Mmodzi wa a m'gululo, Dr. James Dillard, ndiye anali mkulu wa thumba la Jeanes, choncho nzeru ya Mayi Randolph inawoloka nyanja. Mu 1925 boma linasankha a Geoffrey Latham kukhala woyang'anira maphunziro a anthu akuda. Chaka chomwecho sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Kabete m'dziko la Kenya, ndipo mu 1929 ina inayamba ku Domasi pafupi ndi Zomba. Yathu inamangidwa ku Mazabuka, ndipo mu 1939 inasamukira ku Chalimbana.

Kachitidwe kake kanali kotere. Mishoni inkasankha mphunzitsi amene wagwira kale ntchito zaka zingapo ndi kumutumiza kukaphunziranso. Ankapita ndi mkazi wake, ndipo mayiyo ankaphunzira za ukhondo, kaleredwe ka ana, kusoka ndi kutsogolera amayi anzake. Akabwerera, banjalo linkayang'anira masukulu angapo a m'dera lawo. Mukamapita ku Lusaka kuchokera ku Petauke kapena ku Nyimba, mukawoloka Luangwa ndi kufika ku Chongwe, dziwani kuti Chalimbana ali pafupi pomwepo. Dziko litalandira ufulu, malowa anakhala koleji yophunzitsanso aphunzitsi amene ali kale pa ntchito, ndipo lero ndi yunivesite.

Tisabise mbali ina ya nkhaniyi. Anthu ena ophunzira, monga Dr. W. E. B. Du Bois wa ku America, anatsutsa kwambiri maganizo a gulu la Phelps-Stokes. Iwo ankati kulimbikira za ulimi ndi ntchito zamanja kudzapatsa maboma a atsamunda chifukwa chomana ana a anthu akuda maphunziro apamwamba. Mantha awo sanali opanda pake. M'dziko lathu maphunziro a sekondale a boma kwa ana a anthu akuda anayamba mu 1939, pa sukulu ya Munali, ndipo pofika 1964 a Zambia okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Bungwe lothandiza likhoza kubwera ndi mtima wabwino ndi ndalama, komabe nzeru zake zimafunika kuziyesa. Mtsogoleri amene sawerenga ndi kufunsa amangovomera chilichonse chimene mwini ndalama wanena.

Achimota

A Aggrey eni ake ankafunira ana a mu Africa maphunziro athunthu, a mutu, a manja ndi a mtima. Mwayi woonetsa zimenezi unabwera kwawo. Bwanamkubwa wa Gold Coast, Sir Gordon Guggisberg, anali kumanga sukulu yaikulu pa phiri la Achimota pafupi ndi Accra, yoti mwana aziyambira kalasi ya ana ang'ono mpaka kufika pa maphunziro a ku koleji. Mkulu wake anali Mbusa Alexander Fraser, ndipo a Aggrey anafika mu Okutobala 1924 kudzakhala mmodzi wa omuthandiza pa utsogoleri.

Anthu ambiri a m'dzikomo ankaikayikira sukuluyo. Ankaganiza kuti ndi msampha wa boma wofuna kupatsa ana awo maphunziro otsika. Ntchito yochotsa mantha amenewa inagwera a Aggrey. Anayenda m'matauni ndi m'midzi, kulankhula ndi mafumu, makolo, aphunzitsi ndi mipingo, nthawi zina kangapo pa tsiku limodzi. Analimbikiranso kuti atsikana aphunzire pa sukuluyo pamodzi ndi anyamata, pa nthawi imene ambiri ankaona ngati kuphunzitsa mwana wamkazi ndi kutaya ndalama. Iwo ankaona kuti zimene mayi waphunzira zimafika kwa ana ake ndi kwa mudzi wonse. Sukuluyo inatsegulidwa mwamwambo pa 28 Januwale 1927, ndipo inalandira anyamata ndi atsikana. Chizindikiro chake mpaka lero ndi makiyi akuda ndi oyera a limba, chifukwa a Aggrey ankaphunzitsa kuti nyimbo yokoma imafuna mitundu yonse iwiri ya makiyi. Mmodzi wa achinyamata amene anakopeka ndi chiphunzitso chawo anali Kwame Nkrumah, amene anatsogolera Ghana ku ufulu mu 1957.

Ng'oma yolira kwambiri

Akuluakulu amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Kuyambira 1920 a Aggrey anakhala moyo wa pa ulendo. Aliyense ankawafuna. Boma linkawafuna, mipingo inkawafuna, makalata ankabwera kuchokera ku maiko onse amene anayendako, ndipo iwo kukana kunkawavuta. Banja lawo nthawi yambiri linali ku Salisbury. Mwana wawo wotsiriza, Orison Rudolph, anabadwa mu Julayi 1926 bambo ake ali kutsidya kwa nyanja.

Mu Meyi 1927 anapatsidwa tchuthi. Tchuthicho anachidzaza ndi ntchito. Anaima ku England kulankhula pa misonkhano. Atafika ku Salisbury anaona mwana wawo kwa nthawi yoyamba, nakhala pakhomo masabata owerengeka, kenaka anapita ku New York kuti akalembe buku lija limene linawadikira kuyambira 1923. Ankafuna kulimaliza tchuthi chisanathe. Kumeneko anadwala mwadzidzidzi matenda oumitsa khosi, ndipo pa 30 Julayi 1927 anamwalira m'chipatala cha Harlem. Anali ndi zaka 51. Panali patangopita miyezi isanu ndi umodzi chitsegulire Achimota. Bukulo silinalembedwe. Anaikidwa m'manda ku Salisbury.

Masiku a munthu ali m'manja mwa Mulungu, ndipo matenda amagwira ngakhale munthu wopuma bwino. Komabe poyang'ana zaka zisanu ndi ziwiri zotsiriza za moyo wawo, tikuona munthu amene ankadziwa kudyetsa nzeru zake koma thupi lake sankalipatsa mpata, ndiponso anthu omuzungulira amene ankangotunga osafunsa ngati madzi akadalimo. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Mayi Rose Aggrey anatsala ndi ana anayi, wotsiriza ali ndi chaka chimodzi. Anapitiriza uphunzitsi, ndipo anakhala mphunzitsi wa Jeanes woyendera masukulu a kumidzi m'boma la Rowan, kumene amuna awo anatumikirako mipingo iwiri ija. Anatsogoleranso mabungwe a amayi akuda a ku North Carolina. Anamwalira mu 1961, atakhala zaka 34 ali wamasiye. Khanda lija linakula ndi kukhala kazembe wa America ku Senegal, Gambia ndi Romania. Tikamatchula a Aggrey tizikumbukiranso mayi amene anagwira nyumba pamene bambo anali pa ulendo.

Tsono ife titengepo chiyani?

Choyamba, udindo usatitsekere khomo la kuphunzira. A Aggrey anasiya umphunzitsi wamkulu kukakhala mwana wa sukulu, ndipo anachitanso chimodzimodzi atapitirira zaka 40. Akanapanda kutero, sakanakhala ndi chopereka pamene ntchito yaikulu inawapeza. Inu amayi osunga thumba, kodi munaphunzirapo kalembedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka, kapena mumangodalira kukumbukira? Inu a m'komiti ya sukulu, kodi mukudziwa zimene malamulo a maphunziro amanena za mtsikana amene watenga pakati, kuti kuyambira 1997 ali ndi ufulu wobwerera ku sukulu akabereka? Pakabwera maphunziro ku presibitale kapena ku boma, musamangotuma achitsikana poganiza kuti inu munakula. Ndipo amene wapitako abwere adzaphunzitse anzake, asakabise makope m'sutikesi.

Chachiwiri, mtsogoleri amafunika womuyendera. Nzeru yonse ya Jeanes inagona pamenepa: mphunzitsi wa kumudzi ankafooka chifukwa chokhala yekha, ndipo ankatsitsimuka akabwera mnzake wodziwa ntchito, wosabwera kudzamugwira zolakwa. Komiti ya ku Nyimba ikhoza kupita kukaona mmene anzawo a ku Merwe kapena ku Nyanje akuyendetsera thumba la ana amasiye. Mtengo wake ndi wa basi ndi ufa wa masiku awiri. Mayi amene wangosankhidwa kumene apatsidwe mayi wachikulire woyenda naye chaka choyamba.

Chachitatu, kupuma kuikidwe m'dongosolo la ntchito. Pa Marko 6:31 Ambuye Yesu anatengera ophunzira ake kumalo kopanda anthu kuti apumule, pa nthawi imene anthu anali ochuluka kotero kuti analibe ndi mpata wakudya. Pa Eksodo 18 Yetero anachenjeza Mose kuti adzalefuka pamodzi ndi anthu ake ngati apitiriza kuweruza milandu yonse yekha. Ife timakonda kuunjika maudindo pa mayi mmodzi chifukwa sakana, ndipo akadwala timadabwa. Pochita chisankho tizifunsa kuti mayiyu wasenza kale zingati. Amene watumikira zaka zambiri tizimulola kutula kwa kanthawi popanda kumunena kuti wabwerera m'mbuyo. Ndipo inu amene mwapatsidwa mpata wopuma, pumanidi. Musachite monga a Aggrey anachitira ndi tchuthi chawo chotsiriza.

Chachinayi, konzani wodzalowa m'malo mwanu mukadali ndi mphamvu. Achimota sinagwe a Aggrey atamwalira, chifukwa panali aphunzitsi ena ogwira nawo ntchito ndi makolo amene anali atayamba kuikhulupirira. Koma buku limene linali m'mutu mwawo mokha linapita nawo kumanda. Chimodzimodzi pakati pathu. Ngati mayina a ana amene timawathandiza, ngongole za gulu ndi manambala a anthu otithandiza zili m'mutu mwa mayi mmodzi, tsiku limene iye adzasamuke kapena kutisiya, ana aja adzabwerera kunyumba. Lembani m'buku, ndipo bukulo alidziwe anthu atatu. Pa 2 Timoteo 2:2 Paulo analangiza Timoteo kuti zimene anaphunzira azipereke kwa anthu okhulupirika amene adzathe kuphunzitsanso ena. Mutu umodzi susenza denga.

Pa msonkhano wanu wotsatira wa komiti, musanayambe za zopereka ndi za yunifolomu, patulani mphindi zochepa mufunsane mafunso atatu. Ndani pakati pathu akaphunzire chinthu chatsopano chaka chino, ndipo ndalama ya ulendo wake ichokera kuti? Ndani watopa ndipo ayenera kupeputsidwa katundu? Ndani wachitsikana amene tiyambe kuyenda naye kuti adzagwire ntchitoyi ife tikadzatula? Mayankho ake alembedwe m'buku la msonkhano, ndipo pakutha pa chaka mudzawawerengenso.

Ambuye akudalitseni pa utumiki wanu, ndipo akupatseni nzeru yodziwa nthawi yotunga ndi nthawi yofukula chitsime.